Maola Awiri pa Fulashi ya Ndaziona

Pa tebulo la mayi Dyson, wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, panali milu iwiri ya mapepala, ndipo yonse inayamba ndi mawu amodzimodzi. Ndaziona anaima pambali pa tebulolo manja ali kumbuyo, monga ankaimira mu ofesi ya ahedi kwawo ku Dedza. Zara, mnzake wa desiki limodzi, anali atakhala pampando, mwendo uli pamwamba pa unzake, akuseweretsa zipi ya jekete.

"Ntchito ziwirizi ndi imodzi," anatero mayi Dyson m'Chingerezi chawo chothamanga. "Wina analemba, wina anakopera. Ndikufuna ndimve kwa inu ndisanalembere a bungwe la mayeso."

Inali ntchito ya Jogalafe, ija amati coursework: mwana amailembera kunyumba kwa milungu ingapo, koma malikisi ake amakaphatikizidwa ku mayeso omaliza sekondale otchedwa GCSE. Wopezeka atakopera, phunziro lonselo limamuthera pomwepo, ndipo dzina lake limatsala ndi banga. Ndaziona ankadalira Jogalafeyo kuti akalowe nayo kukoleji. Masiku atatu a Loweruka iye ndi Zara anaima pamsewu waukulu wa Kings Heath mu mzinda wa Birmingham, mphepo ya Januwale ikuluma makutu, kuwerenga anthu olowa m'mashopu. Manambala anali a onse awiri, limenelo palibe akanatsutsa. Koma mawu a m'masambamo anawabala Ndaziona yekha.

"Ndinalemba ndine, Miss," anatero.

"It's mine, Miss," anatero Zara, maso ali pa zipi.

Mayi Dyson anatembenuza sikirini ya kompyuta kuti atsikanawo aone. Anafotokoza kuti fayilo iliyonse imayenda ndi tsiku ndi nthawi imene mwini wake anaisunga komaliza. Onse awiri anapereka ntchito yawo Lolemba lomwelo. Pa dzina la Zara panalembedwa 8:52 m'mawa. Pa dzina la Ndaziona panali 9:41.

"Nthawi ya 9:41 kalasi yanu inali m'chipinda cha makompyuta, ndipo iwe unakhala pafupi ndi Zara. Ndikunama?"

"Ayi, Miss. Koma ine ndinamalizira kunyumba ndisananyamuke. Kusukulu kuno sindinaikhudzenso, ndinangoipereka. Fulashi yanga ndinam'bwereka Zara m'mawa belu lisanalire, anati akufuna kusungirapo mapu ake."

"Ndiye unam'patsa ntchito yako m'manja?"

"Inali yokhoma, Miss. Popanda pasiwedi yanga sitseguka."

Mayi Dyson anatambasula dzanja. Ndaziona anavula fulashi imene ankavala m'khosi pa kachingwe ngati mkanda, n'kupereka. Mayiwo anaibaya pa kompyuta yawo, n'kudina kawiri. Fayilo inatseguka yonse, mutu, dzina, masamba onse pambalambanda.

"Loko wake ndi ameneyu?"

Kunyumba fayilo yomweyo inkakana ngakhale abambo ake. Apa inatsegukira mlendo osafunsa n'komwe.

"Ndinenenso china," anatero mayi Dyson, akutsitsa mawu ngati munthu wochita chifundo. "Wakhala m'dziko muno chaka ndi theka chabe. Chingerezi cha m'mapepala awa n'chapamwamba. Kupempha thandizo si chamanyazi, Ndaziona, koma njira yake si iyi."

Paja Zara anabadwira mu Birmingham momwemo, ndipo polankhula sungamusiyanitse ndi ana a azungu. Womumva ankangoganiza kuti cholembera chimamumveranso chimodzimodzi. Mayi Dyson anabweza fulashi pamodzi ndi envelopu ya makolo. Lachitatu la sabata yotsatira, 10 koloko, nkhani idzagamulidwa. Wovomera yekha tsikulo lisanafike, anatero, chilango chake chikhoza kupepukako.

Atatuluka, Ndaziona anam'gwira Zara pamkono pafupi ndi masitepe.

"Iwe Zara, ukundipheranji?" anafunsa m'Chichewa, chimene kusukuluko sankachilankhula n'komwe.

"Let go, Ndazi." Zara Chichewa ankamva chonse, koma poyankha ankayankha m'Chingerezi, n'kumaponyamo liwu limodzilimodzi lakwathu ngati mchere. "Amami angandiphe, ukuwadziwa. Iwe ndiwe wanzeru, ubwereza chaka cha mawa n'kukhoza. Ine ndikagwa pano, basi."

"Ndiye ndigwe ine?"

"Ine sindinanene kuti wakopera. Yanena ndi kompyuta." Anasolola mkono wake n'kuwongola jekete. Atatsika masitepe awiri anacheuka. "Komanso usaiwale kuti unagona pabedi langa miyezi isanu ndi itatu, ine ndikugona pansi."

Limenelo linali loona. A Vailet, amayi a Ndaziona, anabwera ku Mangalande kudzera mwa anti Annet, amayi a Zara, amene anali namwino wamkulu pa wodi imene onse awiri ankagwirapo ntchito. Banja lonse litafika, linakaunjikana m'nyumba ya anti Annet ku Bordesley Green mpaka linapeza kafulati kawokawo pamwamba pa shopu ya makapeti ku Kings Heath. Sanali achibale ayi, koma kutali ndi kwanu wokufunditsa bulangete ndiye m'bale wako.

Abambo a Ndaziona, a Rapson Kaliwo, anawerenga kalatayo chiimire, asanavule chikhoto chakuntchito. Ku Dedza anali ahedi a pulayimale zaka khumi ndi zisanu. Ku Birmingham ankalongedza makatoni m'nyumba yosungira katundu, akulamulidwa ndi kapitawo woti akanam'phunzitsa okha mu Sitandade 5. Uhedi unawathera pabwalo la ndege, koma mawu a uhedi anawoloka nawo. Anatsegula tsamba lachiwiri, pamene sukulu inasindikiza nthawi ziwiri zija, n'kuika chala pa 9:41.

"Nthawi imeneyi unali kuti?"

"Kusukulu, adadi. Koma..."

"Unakhala ndi yani?"

"Ndi Zara. Adadi, ine ndinamalizira pa kompyuta yathuyi. Inu munali musanabwere ku shifiti."

"Ndakufunsa zimenezo?" Anagogoda pepala ndi chala. "Munthu amanama, mwanawe. Mphunzitsi naye amatha kulakwitsa. Koma kompyuta ilibe m'bale, ilibe mdani. Ikuti 9:41."

"Ndiye ikunama."

A Kaliwo anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikuona ana obera mayeso. Likasa ndalitulutsa m'sokosi, lili m'manja mwanga, mwana akulumbirabe pali Mulungu. Sindinkadziwa kuti wina ndikumulera m'nyumba mwanga momwe." Anapinda kalatayo bwinobwino monga ankapindira makalata ochotsa ana sukulu. "Lachitatu ukavomera. Ine sindikaima pamaso pa azungu kuikira kumbuyo bodza."

A Vailet anafika dzuwa litangolowa, nkhani ataimva kale ku wodi. Analowa kuchipinda cha Ndaziona yunifolomu ili m'thupi, n'kukhala pabedi, n'kuvula nsapato imodziimodzi.

"Ndazi, tandiyang'ana. Unalemba wekha?"

"Eya, amami."

"Ndikudziwa. Ndinkakuona."

Mtima wa Ndaziona unayamba kukhala m'malo, koma amayiwo anali asanamalize.

"Komabe vomera."

"Amami?"

"Tamvera. Umboni ulibe. Ukakana, nkhani ikula, Amalawi onse a mu Birmingham muno aimva. Anthu aja anatisunga, Ndazi. Mashifiti anga amakonza ndi anti ako. Ukavomera akuchotsera phunziro limodzi lokha, chaka cha mawa ubwereza. Chaka sichichedwa kutha."

"Ndiye ndikhale wakuba ine kuti Zara ayere?"

"Ukadzakula udzamvetsa," anatero a Vailet, n'kunyamula nsapato zawo.

Mawu a abambo anam'pweteka Ndaziona, koma awa ndiwo anam'lowa mpaka m'mafupa. Munthu wokudziwa kuti ndiwe wosalakwa, n'kukuuzabe kuti ugwade, umam'dandaulira kuti?

Lachinayi ndi Lachisanu anadutsa movuta. Kusukulu Zara anasamukira desiki lina, ndipo atsikana ena akamuona Ndaziona ankaphimba makope awo ndi zigongono, akuseka. Kunyumba mawu oyenda anali a "chakudya chapsa" ndi "tseka chitseko" basi.

Loweruka masana Ndaziona ankasita mayunifolomu a amayi ake pabalaza, abambo ake akukanda khadi loimbira foni kumudzi. Pakona pa balazalo panali kompyuta ya banjalo. Inali nkhalamba, yotayidwa ndi ofesi ina. Mkulu wina wa kutchalitchi anaitola, n'kupeza Windows yake itafa, ndiye anaikamo ina yaulere yotchedwa Linux. Aliyense m'nyumbamo anali ndi dzina ndi pasiwedi yake, ndipo mkulu yemweyo ndiye anamuonetsa Ndaziona kakhomedwe ka mafayilo kuti wina asawatsegule. Makompyuta a kusukulu onse anali a Windows.

A Kaliwo anasuzumira pakona pa sikirini. "Kwathu yakwana 5 koloko," anadzilankhulira. "Ndikachedwa achimwene atseka golosale, foni n'kutsekera momo."

Ndaziona anayang'ana wotchi yapakhoma. Inali 3 koloko. Sizinali zachilendo. Tsiku limene kompyuta inalowa m'nyumbamo, abambo ake anaika wotchi ya kompyutayo pa nthawi ya ku Malawi n'kulamula kuti wina asadzaikhudze. Ankati azungu amasintha mawotchi awo kawiri pachaka ngati anthu osadziwa chimene akufuna, ndiye m'nyumba mwawo pakhale wotchi imodzi yonena zoona. Aliyense anazolowera kuchotsera maola awiri m'mutu, mpaka anaiwala kuti amachotsera.

Simbi inakhala pa kolala mpaka kunamveka fungo la nsalu yowauka. Ndaziona anaichotsa msanga. Lolemba lija anasunga ntchito yake komaliza, n'kusolola fulashi, n'kuthamangira basi ya 7:50. Ndiye kuti anasunga cha m'ma 7:41. Ukaikapo maola awiri a wotchi ya abambo, ndi 9:41.

Abambo ake atalowa kuchipinda ndi foni, anakhala pa kompyuta, n'kulemba dzina lake lokha m'fayilo yatsopano, n'kuisunga pa fulashi. Wotchi yapakhoma inali pa 3:10. Anavala jekete n'kutsika masitepe, ulendo wa ku laibulale ya pamsewu waukulu, kumene kunali makompyuta a Windows ngati a kusukulu. Mipando yonse inali ndi anthu. Anadikira kumbuyo kwa gogo wina wachizungu amene ankasaka chilembo chilichonse ndi chala chimodzi. Gogoyo atanyamuka, Ndaziona anabaya fulashi. Pambali pa fayilo yatsopanoyo panalembedwa 5:10. Anayang'ana wotchi ya mu laibulale. Inali isanakwane ndi 4 koloko yomwe. Malinga ndi kompyutayo, fayilo imene anali kuiyang'ana ndi maso ake inali isanalembedwe.

Anafika kunyumba ali wefuwefu, n'kufotokozera abambo ake zonse, mawu akuphana kutuluka. A Kaliwo anamvetsera nkhope ili gwa.

"Ukufuna kunena kuti wolakwa ndine?"

"Sindikutero, adadi. Ndikuti muyese nokha."

"Wayamba kundipatsa mayeso m'nyumba mwanga?"

Ndaziona anavula fulashi m'khosi, n'kuiika patebulo pafupi ndi kapu yawo ya tiyi, n'kupita kukamaliza kusita.

Lamlungu, mu holo imene mpingo wawo unkachita lendi, anti Annet anam'kumbatira Ndaziona pamaso pa amayi onse ogawa mandasi. Anali mayi wathupi, wa mawu okoma, wonunkhira perefyumu wodula.

"Tikukupempherera, mwanangu," anatero mokweza. "Satana amayesa ndi ana abwino omwe. Ife sitikusungira chakukhosi ayi."

Amayi ena anagwedeza mitu, wina n'kuti, "Koma mayi awa ali ndi mtima." A Vailet anawomba m'manja pang'onopang'ono kuthokoza. Zara anali pakona akudinadina foni. Ndaziona anasaka nkhope ya abambo ake. Anawapeza ataima pafupi ndi chitseko, akuyang'ana nsonga za nsapato zawo.

Lolemba atabwera kuchokera kusukulu, Ndaziona anapeza abambo ake atakhala patebulo, fulashi ili kutsogolo kwawo pamodzi ndi pepala la mizere. Pa pepalapo panali zilembo zawo zaudongo zija za pabolodi. Anali atajambula mizere iwiri, mbali ina "wotchi yanga yapamkono", mbali ina "kompyuta ya ku laibulale". Anayesa katatu, ndi mafayilo atatu. Katatu konse kusiyana kunali maola awiri. Pansi pake anali atakhwatcha mizere iwiri monga amachitira wina akapeza yankho la samu. Paja mphunzitsi akhoza kukana mawu a mwana, koma samu yosamaliza sagona nayo.

Amayi ake atafika, Ndaziona anamva mawu akutuluka kukhitchini, chitseko chili chotseka.

"Bambo a Ndazi, zisiyeni izi. Muyatsa moto woti simutha kuuzimitsa."

"Wotchi ndi yanga, Vailet. Ndinaika ndi dzanja langali."

"Nanga ine ndizikagwira bwanji ntchito ndi Annet? Mwaganizapo?"

"Nanga ine ndizidya naye bwanji patebulo limodzi mwanayu?"

Kenako kunangomveka madzi akuthira m'sinki.

Lachitatu a Kaliwo anavala suti yawo yotuwa imene ku Dedza ankavala pa tsiku lotsekera sukulu. A Vailet anati ali ndi shifiti, n'kutuluka m'mamawa osatsanzika. Mu ofesi ya mayi Dyson anapeza anti Annet ndi Zara atakhala kale. A Kaliwo anakana mpando. Anayala pepala lawo la mizere patebulo, n'kufotokoza m'Chingerezi chawo chodekha cha m'malipoti a sukulu, liwu lililonse litavala tayi. Ananena za wotchi, za Malawi, za maola awiri. Anamaliza ndi kuti, "Wotchiyo ndinaika ndine. Mwanayu sanaikhudzepo."

Mayi Dyson anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako anaimba foni kuitana Helen, mayi wokonza makompyuta pasukulupo. Helen analowa makiyi akulira m'chiuno, n'kumvetsera nkhaniyo akutembenuza fulashi m'zala.

"Zimatheka," anatero. "Fulashi ngati iyi sisunga kuti nthawiyo ndi ya dziko liti. Imangolemba chimene wotchi ya kompyuta yaiuza. Ikafika pa kompyuta ina, nayo imangotenga ngati nthawi yakuno."

"Nanga loko?" anafunsa Ndaziona chapansipansi.

"Loko anatsala kunyumba, love. Kompyuta yanu imadziwa kuti fayilo iyi ndi ya Ndaziona, wina asatsegule. Koma fulashi ilibe polemba mwini wake. Ili ngati jumbo. Aliyense woigwira apisamo dzanja."

Anti Annet anakhosomola. "Wotchi munthu atha kuisintha ngakhale dzulo lomweli," anatero m'Chingerezi. "Tonse tikudziwa zimenezo. Nkhani yavuta, ndiye wotchi yapezeka ya ku Africa?"

Helen sanatsutse. Anabaya fulashi pa kompyuta, n'kusanja mafayilo akale onse potsata masiku, n'kupempha mayi Dyson kuti atulutse ndandanda wa maphunziro a Ndaziona.

"Homuweki ya Chifalansa. Inasungidwa Lachinayi lina mu Novembala, 9:35 m'mawa. Nthawi imeneyo Lachinayi mwanayu amakhala kuti?"

Mayi Dyson anayendetsa chala pa ndandandawo. "Ku masewera."

"Ina iyi, Lachiwiri mu Disembala, 9:48."

"Masamu. M'kalasi imeneyo mulibe kompyuta."

"Ndipo kaundula akuti analipo?"

"Sanajombepo chiyambire chaka."

"Ndiye kaya mwanayu ali ndi mnzake wamapasa amene amatsala kunyumba kumulembera, kaya wotchiyo yakhala ikutsogola kuyambira kalekale," anatero Helen. "Chotsani maola awiri pa 9:41, mupeza 7:41. Fayilo ya Zara inasungidwa 8:52 pa kompyuta ya sukulu ino, ndipo wotchi zathu ndimaziyang'anira ndine."

Panja ana ankaseka popita kukalasi ina. Mayi Dyson anatembenukira kwa Zara. Mtsikanayo anayang'ana amayi ake, n'kuyang'ana khoma.

"I only meant to look, Mum," anatero, misozi n'kuyamba. Anati anali atalemba masamba awiri okha, tsiku lopereka n'kukwana, ndipo fayilo itatseguka yokha anangosintha dzina ndi mawu angapo.

Anti Annet mwana wawo sanamuyang'ane n'komwe. Anaimirira, n'kukoloweka chikwama paphewa, n'kutembenukira kwa a Kaliwo. Anapinda bondo pang'ono monga mwa ulemu wakwathu, n'kulankhula m'Chichewa kuti azunguwo asamve.

"Zikomo kwambiri, a Kaliwo. Mwatibwezera bwino. Mukawauze a Vailet kuti ndaona."

Mayi Dyson anapempha anti Annet kuti atsale ndi Zara, popeza kalata ya ku bungwe la mayeso tsopano inali ya iwo. Kwa Ndaziona anati, "Zikuoneka kuti panali kusamvetsetsana. Ntchito yako ilandiridwa. Ndi yabwino kwambiri." Anam'kankhira mulu wake wa mapepala kuti atenge, poti sukulu inali ndi ina. Ndaziona anadikira liwu lina, lokhudza Chingerezi chapamwamba chija. Silinabwere.

Inali nthawi yopuma, ndiye anaperekeza abambo ake pokwerera basi kunja kwa geti. Kunkagwa kamvula kowaza kaja kosanyowetsa msanga koma kosaleka. Mapepala aja Ndaziona anawabisa mkati mwa jekete.

"Wapambana," anatero a Kaliwo atafika pa shedi. "Sukusangalala?"

"Ayi."

"Amayi ako mawa akakumana nazo ku wodi. Kutchalitchi nako kutentha." Anasisita chipumi, n'kuyang'ana kumene basi inkachokera. "Mwanawe, ndinalakwa. Wotchi ija inandisokoneza."

"Si wotchi, adadi."

A Kaliwo anatembenuka.

"Masamba khumi ndi awiri," anatero Ndaziona. Chibadwire anali asanalankhulepo chotero kwa abambo ake. "Milungu isanu ndikulemba pakona paja, inu muli pampando pomwepo. Simunawerengeko ngakhale tsamba limodzi. Kalata itabwera, munawerenga manambala a azungu kawiri, koma ntchito yanga simunaipemphe. Mukanawerenga mukanadziwa mawu anga. Ndinu aphunzitsi inu."

A Kaliwo anatsegula pakamwa, koma mawu a uhedi sanatuluke. Basi inafika, chitseko n'kutseguka. Anthu awiri anakwera. Dalaivala anawayang'ana, n'kutseka, n'kumapita.

Kenako a Kaliwo anatambasula manja onse awiri, monga amachitira mwana polandira chinthu kwa wamkulu.

"Ndipatse."

Ndaziona anawayang'ana manjawo, okhakhala ndi makatoni, otuluka m'mikono ya suti. Sanafulumire. Pamapeto pake anasolola mapepala m'jekete n'kuwaika pamenepo. A Kaliwo anakhala pa kabenchi kopyapyala ka m'shedimo, n'kuvala magalasi, n'kuyamba pa tsamba loyamba, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse.

Belu linalira. Ndaziona anabwerera osatsanzika. Atafika pa geti anacheuka kamodzi. Basi yachiwiri inali itaima, chitseko chili chotsegula, koma abambo ake ankatembenuza tsamba, ndipo sanadzutse mutu.